Mafuta a m'Beseni

Khalani pansi ana inu, mwendo wangawu sukundilola kuima. Tadala, sendera kuno, usiye kusesa pomwe wasesa kale. Chibwerere kumaliro ku Chinakanaka dzana lija sukundiyang'ana kumaso, ndipo ine si mwana, ndikudziwa chimene wamva. Akuuza kuti agogo ako aamuna, a Waisoni, ndinawapha ndine. Usapukuse mutu. Mawu amenewo ndi aakulu kuposa iwe, anayamba kuyenda amayi ako asanakwatiwe n'komwe. Ndatopa nawo, koma poti afika m'makutu mwanu, imvaninso mbali yanga. Muli zonyansa m'nkhaniyi. Pilirani, ngati ukufuna kuseka sekeratu pano, ukamaliza undiuze.

Ndiyambe ndi mafuta, chifukwa inu mumayesa kuti mafuta ophikira anabwera ndi dziko. Lero Pilirani ukakazinga dzira limodzi, dziralo limachita kusambira. Ife tikukula mafuta tinkawaona pa Khirisimasi. Ndiwo zathu zinali zotendera, kapena chigwada chothira chidulo. Kalongonda tinkamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, kuti asatizunguze mutu. Nkhumba ikaphedwa m'mudzi, mayi anga ankapempha kachidutswa konona, n'kukapachika pamwamba pa moto, ndipo kankatikwanira sabata. Ndiye munthu wonenepa anali munthu wolemekezeka. Mwamuna akatuluka khosi, anthu sankayamika iyeyo, ankayamika mkazi wake. Akaonda sankafunsa kuti wadwala chiyani, ankayang'ana mkaziyo. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo ine ndinazikhulupirira ndi mtima wonse.

Agogo anu ndinawadziwira kuesiteti ya tiyi. Ine ndinkathyola, dengu kumsana, iwo anali m'gulu lodulira mitengo ya tiyi. Anali mwamuna wa thupi, wamfupi, wamapewa otambalala, wosayankhulayankhula. Titakwatirana tinapatsidwa nyumba kumalayini, chipinda chimodzi, khoma logawana ndi anzathu, moti woyandikana naye akayetsemula umachita kumupepesa uli kwako. Kudulira ndi ntchito ya miyezi yozizira. Kamvula ka chiperoni kaja kamagwa sabata yathunthu, phiri osaoneka, munthu ali m'munda chiyambire m'mawa atavala thumba la feteleza loboola pakhosi. Majekete mukupikisana nawowa kunalibe. Poweruka amuna ankadzera kwa mayi wina wotcheza kachasu, ankati akukaotha. Agogo anu anaotha moto umenewo zaka zambiri. Sanali woledzera waphokoso, ndipo sanandimenyepo. Ankangofika, kudya, kugona. Ndiye ine sindinkauona ngati mlandu.

Msana utayamba kukana dengu, ndinasiya kuthyola n'kuyamba kukazinga mandasi pa Chitakale, pafupi ndi siteji ya maminibasi. Chiwaya chake ndi chija nkhuku ikuikiramo mazira kuseriko. Musachione dzimbiri, chinaphunzitsa amayi anu sukulu. Zaka zimenezo mafuta ndinawadziwa monga mmene inu mumadziwira mafoni anuwa. Atsopano ndi obwereza ndinkawasiyanitsa pongonunkhiza. Ndinkadziwanso kuti mbale ya mafuta siitheka ndi madzi ozizira. Madzi amangothawa n'kusiya timadontho, mbaleyo imafuna phulusa ndi madzi otentha. Mawu amenewa muwagwire, tiwafuna kutsogoloku.

Kudwala kwa agogo anu kunayamba ndi ululu. Unkawagwira apa, pansi pa chifuwa, n'kupyoza mpaka kumsana. Ankakhala pansi atadzipinda, mawondo pachibwano, thukuta lili kamukamu. Pakapita masiku awiri kapena atatu ululu uja unkatha, iwo n'kubwerera kuntchito. Kenaka thupi linayamba kutsika. Lamba anamuboola bowo lina ndi msomali, patapita miyezi anaboolanso lina. Chodabwitsa n'choti kudya ankadya, mwina kuposa kale. Kuchimbudzi ankapita kangapo pa tsiku, ndipo ndikawafunsa ankangoti, "M'mimba mwangosokonezeka pang'ono, amake Lute." Lute ndi amayi anuwo, nthawi imeneyo anali mtsikana ngati iwe Tadala.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo kulakwa kwake ndimakuvomera. Ndinati mwamuna wanga sangaonde ine ndili ndi chigubu cha mafuta m'nyumba. Mandasi oyamba kuchoka m'chiwaya anali awo. M'ndiwo ndinkathira mafuta mpaka kuyandama. Nyengo ya mapeyala ndinkawasendera awiri m'mawa uliwonse, phala lake lothira nsinjiro ndi majarini. Tsiku la msika ndinkafika mpaka pa Chonde kukasankha nyama ya nkhumba yonona yeniyeni. Iwo ankadya kuti andisangalatse, kenaka n'kunyamuka mwakachetechete kulowera kuseri. Ine ndikamawonjezera mafuta, iwo ankawonjezera maulendo. Zaka zinayi ndinali kutungira madzi m'dengu, osadziwa.

Khungu lawo linauma n'kutuwa. Dzuwa likangolowa sankaona bwino njira, ankapunthwa pakhomo pawo pomwe. Akadzigunda pang'ono, pamalopo pankada masiku ambiri. Kuchipatala tinapita, musayese kuti tinangokhala. Masiku amenewo munthu akaonda aliyense ankaganizira matenda aja, ndiye anatiyeza magazi tonse awiri, kawiri konse, osapeza kanthu. Anayeza makhololo, chifuwa chachikulu panalibe. Adokotala akafunsa kuti, "Nanga kuchimbudzi mukupita bwanji, bambo?" iwo ankayankha kuti, "Bwinobwino, kungotsegula pang'ono." Ankatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi oletsa kutsegula, ife n'kubwerera. Madokotala aja sindiwada. Munthu amachiza chimene wauzidwa.

Magazi atapezeka abwino ndinayesa ndapuma, osadziwa kuti mlandu wanga ukuyambira pomwepo. Agogo anu anali ndi mlongo wawo wamkulu ku Chinakanaka, a Esinati, amene anawalera makolo atamwalira. Alamu angawo anabwera, anamuyang'ana mlongo wawoyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti ndi kanyera. Inu za kanyera simukuzidziwa. Akale ankati ndi nthenda imene mwamuna amaitenga kwa mkazi wosadzisunga, amene wabisa masiku ake kapena wayenda njira zina. Ankati wodwalayo amaonda, amamva kuzizira, amatsegula m'mimba, amalakalaka nyama. Zonsezo agogo anu anali nazo, ndiye ndikanatsutsa ndi chiyani?

"Mlamu," anatero a Esinati, "mkazi wokhala pa siteji tsiku lonse, kumaseka ndi madalaivala, ife tiziti chiyani? Ululani, tipeze mankhwala mwana wa mayi anga asanafe."

"Ndiulule chiyani, alamu? Afunseni eni akewa ngati anandionapo ndi munthu."

Tonse tinatembenukira kwa agogo anu. Anali pampando, atafunda bulangete masanasana. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Zisiyeni izi." Basi, mawu awiri. Sananditsutse, koma sananditetezenso. Tsiku limenelo ndinakalirira kubafa kuti Lute asandione.

Mawu aja anafika kumalayini, anafikanso pa Chitakale. Amayi amene ndinkakhala nawo pamzere anayamba kusuntha mabeseni awo pang'onopang'ono, ngati akuthawa dzuwa. Kutchalitchi anandichotsa pa gulu lophikira alendo, osandiuza chifukwa. Palibe amene anandinena pamaso, koma moni wa munthu amene wamva kanthu amadziwika. Kenaka ntchito inawakanika agogo anu, mpeni wodulira unkawapulumuka m'manja. Tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kubwera kuno kwathu, pamalo a mayi anga, pomwe mwakhalapa.

Tsopano mvetsani chinthu chimodzi. Chimbudzi chathu n'chokumba. Chimene chagwa m'dzenje chapita, palibe amachiona. Kumalayini kunalinso chimodzimodzi. Zaka zonsezo ine ndinkangomva fungo akatuluka, fungo loipa mwachilendo, lokakamira ngakhale pa zovala. Koma mkazi wolangizidwa bwino satchula zoterozo za mwamuna wake. Anamkungwi anatiuza kuti za kuseri ndi za kuseri, ndipo ine ndinali mwana womvera.

Dzinja lina miyendo inawathera. Njira ya kuchimbudzi inali yoterera, anagwa kawiri. Ndinatenga beseni langa lakale loikamo mandasi, ndinathiramo madzi pang'ono n'kuliika kuseri kwa chitseko. Anakana masiku awiri, lachitatu m'mimba munawagonjetsa. M'mawa ndinalinyamula kuti ndikataye. Ndinkafuna kuyang'ana kumbali mwaulemu, koma maso anaona. Pilirani, nthawi yako yoseka ndi ino, bwanji wangoti duu? Chimbudzi chake chinali chotuwa ngati phala la mgaiwa, chofewa, chambiri kuposa chimene munthu woonda chotero angatulutse. Sichinamire, chinkangoyandama. Ndipo pamwamba pa madzi panali timaso ta mafuta tonyezimira, tonga tija timaoneka pa msuzi wa nkhumba. Nditataya ndinathira madzi ozizira kuti nditsuke. Madzi anathawa, beseni linatsala loterera.

Ndinaima pomwepo, beseni lili m'manja. Munthu wina akanangoti ndi zonyansa, koma ine ndinakazinga zaka zambiri. Ndinati awa ndi mafuta anga. Alowa pakamwa, adutsa, atuluka monga mmene ndinawathirira, thupi osatengapo kanthu.

Ndinalowa m'nyumba. "Abambo a Lute, zimenezi zinayamba liti?"

Anatembenukira kukhoma. "Kalekale, ndikadali kodulira. Ndikapatuka m'munda ndinkaziona pa masamba."

"Zaka zinayi mukudziwa? Adokotala akukufunsani, alamu akundinyoza pamaso panu, inu mukudziwa kuti pali chachilendo chimene simunanene?"

"Ndikananena bwanji, amake Lute? Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndizikamba za manyi pamaso pa mkazi wanga ndi mlongo wanga?"

Ana inu, ndakwiyapo m'moyo uno, koma tsiku limenelo ndinakwiya koposa. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma agogo anu anamva m'mimba n'kutseka pakamwa. Analolera kuti dzina langa lide, bola iwo asatchule liwu limodzi lonyansa. Ndinatuluka, ndinapala phulusa pamoto, ndinatsuka beseni lija mpaka kuwala, chifukwa panalibe wina woti n'kumukalipira.

Sabata yomweyo a Esinati anafika ndi amuna awiri ndi njinga. Anati abwera kudzamutenga mlongo wawo kuti akafere kwawo, kutali ndi ine. Sindinakangane nawo, mphamvu yake ndinalibe. Ndinangowaitanira alamu angawo kuseri n'kuwavundukulira beseni la m'mawa umenewo, lomwe ndinali ndisanataye.

Anabweza nkhope. "Mukundilaula, mlamu. Za mlongo wanga ndizione ine?"

"Yang'anani bwino, alamu. Inu mwaona odwala ambiri. Kanyera amatulutsa mafuta?"

Anayang'ana. Anagwira pakamwa. Kenaka anazungulira kumaso kwa nyumba n'kuuza amuna aja kuti njingayo isalowere ku Chinakanaka, ilowere kuchipatala.

Kumeneko tinapeza dokotala wachikulire, wosafulumira. Atafunsa funso lija, agogo anu anali atayamba kale kuti "bwinobwino". Ndinawadula pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatiwire. Ndinafotokoza zonse, mtundu wake, kuyandama kwake, fungo lake, ndi beseni losatsukika. Agogo anu ankangoyang'ana zala za kumapazi. Dokotala uja anasiya kulemba. Anafunsa za ululu wopyoza kumsana, anafunsanso za mowa. Anayeza chimbudzicho, n'kutitumiza ku Blantyre kuti akawaunike m'mimba. Ulendo umenewo sindiufuna kuukumbukira. Minibasi yodzaza, munthu wotsegula m'mimba, ine kumachonderera dalaivala kuti aime, anthu kumang'ung'udza. Inu mumati Blantyre ndi pafupi. Ndi pafupi kwa munthu wa m'mimba mwabwino.

Titabwerera anatiuza kuti vuto ndi kapamba, kachiwalo kamene kali kuseri kwa chifu. Kamatulutsa madzi amene amathandizana ndi ndulu kuphwanya mafuta kuti matumbo awamwe. Kapamba wa agogo anu anali atapsa ndi kachasu wa zaka zonse zija. Mafuta osaphwanyika amangodutsa, ndipo amapita ndi mavitamini ena amene amayenda m'mafutamo. N'chifukwa chake maso ankachita mdima, khungu n'kumauma. Anatinso si mowa wokha umene umachita zimenezi. Ena ndi njira ya ndulu yotsekeka, ena ndi matumbo odwala, ena amabadwa nazo, koma chizindikiro chake n'chomwecho, ndipo dokotala sangachilote ngati wodwala sananene.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye mafuta ndinkawapatsa aja ndi amene awapweteka?"

"Kapamba simunawononge ndinu, mayi," anatero. "Koma kutsegulako ankakuwonjezera."

Ndinalandira gawo langa. Linali lolemera, koma linali langa lenileni, osati lija anandisenzetsa a Esinati.

Kachasu anamusiya, ngakhale sindinganene kuti unali mtima wolimba, thupi lomwe linali litamukana. Tinayamba kudya mwa mtundu wina, pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku. Phala, mbatata yowiritsa, nandolo, masamba, nsomba yootcha, mafuta kadontho chabe. Pa Chitakale ndinasiya, chifukwa munthu wophika kasanu sangakhale pa siteji, komanso fungo la mandasi linkawazunza. Panalinso makapisozi omwera pamodzi ndi chakudya, ogwira ntchito ya kapamba uja. Kuno sankapezeka, Lute ankakawasaka ku Blantyre, mwezi wina apezeke, mwezi wina ayi. Akapezeka, beseni linkatsukika ndi madzi wamba. Akasowa, ndinkabwerera ku phulusa. N'chifukwa chake mukadwala m'mimba ndimakufunsani kuti zatuluka zotani, inu n'kumatsinana kuti agogo mutu wayamba kuzungulira. Ndimakuonani.

Kunenepa sananenepenso, koma anadzuka. Ankalima kadimba kaja kumunsiku, anamuona Lute akukwatiwa, anakunyamula iwe Tadala uli wakhanda. Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri, munthu amene anamubwerera ndi njinga kuti akafere kwawo. Kumapeto kunabwera shuga, amene adokotala anatichenjezeratu kuti amatsatira kapamba akafooka, ndipo ndi amene anawatenga iwe ukuphunzira kuyenda.

Kupepesa ndi pakamwa sanapepese. Chimene ankachita n'chakuti m'mawa ankapala phulusa, kulisefa bwinobwino, kuliika m'chitini pafupi ndi beseni. Ndiko kunali kupepesa kwawo. Masiku ena kunkandikwana, masiku ena ayi.

A Esinati nawo anasintha. Mwezi ndi mwezi ankabwera ndi kamtolo ka chinangwa kapena nandolo, tinkakhala pakhonde pomwepa kumatongola chimanga. Pamaliro a agogo anu anakhala pambali panga, anandigwira dzanja. Koma tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Alamu, kwanu kuja munawauza anthu zoona zake?"

Anayang'ana kumbali. "Ndikawauze chiyani, mlamu? Kuti ndinasuzumira m'beseni la mlongo wanga?"

Anamwalira nazo. Ndiye ku Chinakanaka mawu oyamba aja, a kanyera, ndi amene anatsala, ndipo akukula monga mmene mukukuliramu. Amene wakuuza dzana uja mwina sanawaonepo n'komwe agogo ako. Nanenso ndisadziyeretse. Amayi anu amadziwa za kapamba, koma za beseni sindinawauzepo. Manyazi omwe aja anandigwira inenso, ndipo oyamba kumva nkhaniyi yonse ndinu.

Tinaliona beseni lija anthu atatu. Awiri anagona, ndatsala ine ndi mwendo wangawu, ndipo ku Chinakanaka sindidzafikakonso. Inu mudzapitako, maliro satha. Tadala, wina akadzakukokeranso pambali, usadzalire, usadzatukwane. Udzamuuze za kachasu, za kapamba, za mafuta oyandama m'beseni. Liwu lija agogo ako analephera kulitchula udzalitchule iweyo, momveka, ngakhale pakhale akuluakulu. Akadzati ndiwe mwana wosalangizidwa, usadzadandaule. Wolangizidwa bwino ndinali ine, ndipo waona pomwe zandifikitsa.